ANambewe ndi mizere yoperewera

Ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikudziwa kuti kumanda anthu amawonjezera. Waulesi amasanduka wakhama, womana amasanduka mayi wa ana amasiye, ife n'kumangogwedeza mitu. Koma zimene ndinamva mwezi wathawu ku Chiparamba, tikuika m'manda Mayi Rozaliya Mbewe, sikunali kuwonjezera. Linali bodza, ndipo munthu amene bodzalo linamugwera anali ataima pomwepo, fosholo ili m'manja.

Wapampando wa bungwe lathu la alimi, a Zulu, anapatsidwa mpata woti alankhule m'malo mwa akuntchito. Ndi wachinyamata, walowa pampando posachedwapa, ndipo sindikunena kuti ndi woipa mtima. Anayamba bwino. Kenako anakweza mawu nati: "Amayi awa anali maso athu. Ndi kompyuta yawo yokha anagwira mbava ya ku depoti yathu ya ku Kasenengwa, imene inkalemba alimi oti kulibe."

Ku Kasenengwa tili ndi depoti imodzi yokha, ndipo kalaliki wake ndi mmodzi kuyambira kalekale. Mitu inatembenuka. A Gabiriyele Daka, amene anabwera pamaliropo ndi ngolo ya nkhuni nathandiza adzukulu kukumba, anayang'ana pansi. Anazika fosholo m'dothi, nabwerera m'mbuyo mpaka anabisika kuseri kwa amayi a kwaya.

Ine ndinatsegula pakamwa, koma wansembe anali atayamba kale pemphero. Ndinali mlembi wa komiti nthawi imene nkhaniyo inachitika, ndipo pepala lililonse la nthawiyo ndili nalo m'sutikesi. A Daka sanabepo ngakhale njere imodzi ya nshawa. Munthu amene anamenyera nkhondo dzina lawo kuposa wina aliyense ndi yemweyo amene tinkamufotsera. Ndiye ndikulemba, kuti amene anamva mawu a kumanda aja amvenso awa.

ANambewe, monga tonse tinkawatchulira, sanali munthu wapafupi. Anabadwira ku migodi, kumene bambo awo ankagwira ntchito, nakhala zaka zambiri ku Lusaka akugwira makompyuta a kampani ina yaikulu, nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda. Atapuma ntchito anabwera ku Chipata, kwawo kwa makolo kumene sanakulireko, ndipo bungwe lathu linawapempha kuti atithandize. Anavomera, koma anaika malamulo awoawo. Chipinda chawo chizikhala chokhoma. Amene wadya vitumbuwa asayandikire makina asanasambe m'manja. Wapampando akafuna kanthu azigogoda ngati wina aliyense. Ankavala magalasi achimuna omangirira chingwe, ndipo tsiku lonse ankatafuna nshawa zophika kwinaku akudzudzula aliyense wodutsa pakhomo. Sankadzichepetsa ayi. Ankadziwa kuti ntchito yawo amaidziwa, ndipo ankafuna kuti nawenso udziwe.

Kompyuta yawo inalibe zithunzi. Galasi linali lakuda bii, ndi tizilembo toyera basi. Mlendo wina anafunsa ngati makinawo afa, ndipo iwo anamuyankha kuti afa ndi ake aja ofuna kuloza ndi chala ngati mwana m'sitolo.

Ntchito yake inali yotere. Nyengo yogula mbewu, kalaliki aliyense wa ku depoti amalemba pa foni yaikulu ya bungwe chilichonse chimene wagula, ndipo madzulo fayilo yake imafika ku ofesi. Mzere umodzi ndi mlimi mmodzi amene wagulitsa: tsiku, depoti, dzina la mlimi, nambala ya reji yake (chitupa cha unzika), mtundu wa mbewu, ndi kulemera kwake, chilichonse cholekanitsidwa ndi chinzake ndi kampatuliro. Mizereyo imachuluka moti munthu sangaiwerenge ndi maso. ANambewe analemba timalamulo tingapo, timene ankatitcha sikiripiti ya shelo. Anandifotokozera tsiku lina, mosaleza mtima, kuti shelo ili ngati mesenjala wokhala pakhomo la makina, ndipo sikiripiti ndi uthenga umene wamulembera kamodzi kuti usamamubwerezere m'mawa uliwonse. Lamulo lina, lotchedwa grep, linkatola mzere uliwonse umene timipatuliro tiwiri tagundana popanda kanthu pakati. Lina, lotchedwa awk, linkawerenga zigawo za mzere, ndipo zikachepa kapena kuchuluka linkauchotsa pakati pa anzake. Yonse yolumala inkaunjikidwa mu fayilo yakeyake. Zonsezi zinkatha iwo asanamalize kusenda nshawa imodzi.

Yambiri inali ya zifukwa zopusa. Netiweki yaduka fayilo isanathe kufika, mzere womaliza n'kudukira pakati. Kalaliki wina ankakonda kuika kampatuliro pakati pa dzina ndi mfunda, mlimi mmodzi n'kusanduka zigawo ziwiri. Ameneyo ankamukalipira pa foni mpaka ife a chipinda china tinkasiya ntchito n'kumamvetsera.

Ine ndi iwo tinkakangana za mapepala. Ndinkafuna kuti chilichonse chimene sikiripiti yatola chisindikizidwe, chisainidwe, chisungidwe. Iwo ankati ndikungonenepetsa chiswe. Ine ndinkawafunsa kuti magetsi akazima, monga amachitira kuno, nzeru za makina awo zimakhala kuti. Ankasindikizabe, n'kundiponyera pa tebulo.

"Nachi chakudya cha ziweto zanu, a Tembo."

"Zikomo, amayi. Saininso apa."

"Mudzandisainitsa ndi m'bokosi momwe, inu."

Pa zaka zawo zomaliza anali ndi chizolowezi chimene achinyamata sankachimvetsa. Fayilo ya mizere yoperewera sankaionetsa kwa munthu, ngakhale wapampando, asanayambe aimbira foni kalaliki wake n'kumufunsa yekha. A Zulu atalowa pampando anapempha kuti izingotumizidwa pa foni yawo m'mawa uliwonse. Anakanidwa poyera, pamaso pa alimi. A Zulu anakwiya, n'kumati gogoyu akubisa zinthu. ANambewe ankangonena kuti sikiripiti imadziwa pamene pali dzenje, koma siidziwa amene anakumba, kapena chimene anakumbira. Sanabadwe ndi maganizo amenewa. Poyamba ankanena mosiyana, kuti makina sanama, ndipo ankanena monyada. Chinawasintha ndi nkhani ya a Daka.

Inali nyengo ya nshawa, wapampando ali malemu a Jere. ANambewe anaona kuti ku depoti ya a Daka kukutuluka mizere yamtundu umodzi: tsiku lilipo, mbewu ilipo, kulemera kulipo, koma dzina palibe, reji palibe. Sinali yoduka ndi netiweki. Munthu anadumpha dala zigawo ziwirizo, sabata ndi sabata. Anaisonkhanitsa, naisindikiza osadikira kuti ndipemphe, napita nayo okha ku komiti. Nthawi imeneyo kunali mbiri ya makalaliki a mabungwe ena olemba alimi abodza, ndiye aliyense anali tcheru.

A Daka anaitanidwa. Anabwera pa njinga, atavala jekete la ku tchalitchi. M'komitimo munalinso a Phiri, malume ake a mkazi wa a Daka, ndipo anakhala moyang'anizana nawo.

"A Daka," anatero a Jere, "anthu awa ndani?"

"Ndi anthu enieni, a Tcheya."

"Maina awo?"

A Daka anayang'ana a Phiri, kenako anayang'ana nsapato zawo.

"Sitikumva, bambo. Anthu enieni amakhala ndi maina. Nanga malisiti a mizere imeneyi amabwera nawo ndani kuno ku ofesi?"

"Akazi anga."

M'chipindamo munabuka phokoso. Amene anakuwa kuposa onse anali a Phiri, pofuna kuti anthu aone kuti sakuikira kumbuyo mkamwini wa pamudzi pawo. Anati wawachititsa manyazi, ndipo apolisi ali pafupi. ANambewe anavula magalasi nati, "A Daka, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma makina sanama." A Daka anangobwereza kuti ndi anthu enieni. Ine ndinaimirira n'kunena kuti malamulo a bungwe amafuna kuti munthu apatsidwe nthawi yoyankha molemba. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Ndinakhala, koma ndinalemba m'maminitsi kuti ndatsutsa, ndipo zilimo mpaka lero. A Daka anaimitsidwa ntchito tsiku lomwelo. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku tchalitchi kwawo, ndipo anawalanda ntchito yonyamula mbale ya chopereka.

Patapita masiku angapo aNambewe anandiitana m'chipinda chawo, chinthu chimene sankachita. Ndinawapeza atangokhala, akuyang'ana galasi lakuda lija.

"A Tembo, mukadakhala wakuba inu, mukadasiya malo opanda kanthu?"

"Ine si wakuba, amayi."

"Ndikudziwa, mulibe nzeru zake. Koma yankhani."

Anadziyankha okha. Wakuba amapeka dzina. Amapeka nambala. Mzere wa wakuba umakhala wodzaza bwino, woyera, ndipo sikiripiti yawo imaudutsa osaununkhiza n'komwe. Munthu wosiya dzenje poyera sakubisa kanthu. Anali atayang'ananso kulemera kwa mizereyo, ndipo zonse zinali zazing'ono, za munthu wobwera ndi ndowa pamutu, osati ndi ngolo.

"Ndani angataye ntchito yake chifukwa cha ndowa?" anatero. "Mawa mundiperekeze."

Tinakwera minibasi m'mawa, n'kutsika pa mphambano, kwinako tinayenda pansi. A Daka amakhala chikamwini, kumudzi kwa akazi awo, a Sitela. Anatilandira mwaulemu wozizira, natipatsa mipando pansi pa mtengo wa mango. ANambewe sanazungulire. Anafunsanso funso lomwe lija. A Daka anayamba kuyankha kuti, "Amayi, ine ndinanena kale kuti," ndipo asanamalize anaimirira, nayenda mofulumira, nakalowa kuseri kwa nkhokwe.

ANambewe anadzuka. "Mwaona, a Tembo? Wathawa! Ine ndabwera kudzamuthandiza, iye akuthawa!"

A Sitela, amene ankapeta chapafupi, anaika lichero pansi. "Sakuthawa inu, amayi. Akubwera amayi anga."

Panjira pankabwera mayi wokalamba, wamfupi, ndodo m'manja. Anali aNaphiri, mlongo wawo wa a Phiri a m'komiti. Anakhala pansi kumapeto kwa bwalo, nkhokwe ataipatsa mbali, natipatsa moni mmodzimmodzi. Kenako analankhula kwa mwana wawo: "Uwauze eni nyumba kuti ife tadzuka."

Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka mawu: "Zikomo kwambiri. Nafenso tadzuka."

ANambewe anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhokwe, nayang'ana gogoyo.

"Agogo, mumagulitsa nshawa ku depoti?"

"Ee. Ine ndi ang'ono anga awiri. Tigulitse kuti nanga?"

"Reji muli nayo?"

"Ndingakhale wopanda reji ngati mbuzi?" Anayang'ana kaye kunkhokwe kuti atsimikize kuti kulibe diso, kenako anapisa dzanja m'bulauzi, pachifuwa, natulutsa kansalu komanga mfundo. M'kati munali pulasitiki, m'pulasitikimo munali reji. Anaipereka kwa aNambewe ikadali yofunda.

"Ku depoti mumaionetsa?"

"Kwa yani? Kwa apongozi anga? Ndipise dzanja muno iwo ali pomwepo, ndiwapatsire m'manja? Inu ndinu mwana wa kuti, mayi?"

A Sitela anafotokoza mmene zinkachitikira. Amayi awo, kapena ang'ono awo aja, amene kwa a Daka onse ndi apongozi, akafika pa depoti ankaika katundu pa sikelo n'kupita kukaima patali atafulatira. A Daka ankawerenga sikelo, n'kuika lisiti pa thumba lopanda kanthu, n'kupita kuseri kwa shedi ngati akukayang'ana china. Lisitilo linkadzafika kwa a Sitela, amene ankalipititsa ku tauni kukatengera ndalama, chifukwa miyendo ya okalambawo siifika ku Chipata.

"Chabwino, reji ndamva," anatero aNambewe, mawu atachepa. "Nanga dzina? Dzina amalidziwa."

"Amalidziwa," anatero a Sitela. "Koma chikwatirane sanalitchulepo. Ndiye alilembe ndi chala chawo, ena n'kumakaliwerenga mokweza ku ofesi? Ndiponso tsiku lija amalume anali pomwepo. Akadanena bwanji za pachifuwa pa mlongo wawo, iwo akumva?"

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikugwa ngati mmene inagwera ya aNambewe. Iwo anakulira ku migodi, kumene mpongozi ndi mkamwini amakwera basi imodzi. Iwo ndikhoza kuwamvetsa. Chimene chimandiimitsa mutu mpaka lero ndi komiti ija. Amuna akuluakulu, aliyense wa iwo analowapo m'tchire kupatukira apongozi ake panjira, ena anang'ambitsa mathalauzi paminga. Koma atavala majekete, ataona pepala lotuluka m'makina, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira kwawo.

ANaphiri anali asanadziwe chifukwa chenicheni chimene mkamwini wawo ankakhalira pakhomo. Anawauza kuti ali pa tchuthi, ndipo manong'onong'o a kuchitsime anthu ankawabisira. Atamva, anagwetsa ndodo.

"Ndiye amuchotsa ntchito chifukwa cha ulemu? Mwana wa eni, wondilimira munda, amutcha mbava chifukwa cha ine? Ndipo Phiri analipo?" Anayamba kulira mokweza, ngati pamaliro.

Pamenepo aNambewe anachita chinthu chimene ndikadapanda kuona ndekha sindikadakhulupirira. Mayi amene sanapepesepo kwa wapampando aliyense anayenda mpaka pa nkhokwe, naima mbali ya kuno, nagwada m'fumbi ndi siketi yawo ya ku ofesi. Analankhula kwa nsungwi za nkhokwezo.

"A Daka, ndinakulakwirani. Ndinaona dzenje, ndinathamanga nalo osakufunsani."

Kenako mawu anatuluka kuseri: "Dzukani, amayi. Mudetsa zovala."

Pobwerera tinayendanso pansi mpaka pa mphambano. Tikudikira minibasi anandifunsa ngati ine ndinkadziwa za mwambowu. Ndinati mwambo ndimaudziwa, koma mizere ndi yawo, ndipo ine ndinatsutsa, zili m'maminitsi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti tsiku lina adzandikwirira ndi maminitsi angawo.

Zotsatira zake ndi zimene zimandikwiyitsa kwambiri. A Jere atamva, anagwira pakamwa, navomera kuti a Daka abwerere pantchito. Koma anati zichitike mwakachetechete, kuti komiti isanyozeke pamaso pa alimi. A Phiri anagwirizana nazo msanga, pakuti mlongo wawo anali atawatumizira kale mawu amene sindingawalembe pano. Kalata imene ndinauzidwa kulemba inangoti a Daka ayambenso ntchito Lolemba. Sinanene kuti analibe mlandu. Ndinapempha kuti mawu amenewo alowemo, anakana, ndipo kope la kalata imene ndinkafuna ine ndinalisunga pamodzi ndi imene inatumizidwa.

ANambewe sanavomere. Anati munthu anamunyoza poyera, ndiye amuyeretse poyera, pa msonkhano wapachaka pamene alimi a madepoti onse amasonkhana. A Jere anati aika pa ajenda. Msonkhano utafika, nkhani zinachuluka. Chaka chotsatira aNambewe anadikira mpaka pa nkhani zina ndi zina, naimirira, koma wapampando anali atapempha kale katekisiti kuti atseke ndi pemphero. Anaima chilili pemphero lonse, maso ali pa a Jere. Chaka china anafika ndi mpando wawo n'kuuika kutsogolo kwenikweni. Anawauza kuti nthawi yatha, magalimoto akudikira. A Daka eni ake anawapempha kuti aleke, poti kukumba nkhaniyo kunali kutchulanso apongozi awo pagulu. Iwo anati sadzatchula munthu, akungofuna mawu amodzi otuluka pakamwa pa wapampando. A Jere anamwalira mawuwo asanatuluke. Amene anabwera pambuyo analandira theka loyamba la nkhani, chifukwa ndilo lokoma kukamba.

Chimene anatha kukonza okha anakonza. Anatuma a Sitela kuti akopere maina ndi manambala a okalamba atatuwo kamodzi kokha, nawasunga mu kafayilo kena. Aliyense anamupatsa kanambala kakafupi. A Daka akaona apongozi pa sikelo ankangolemba kanambalako, ndipo fayilo ikafika ku Chipata sikiripiti inkachotsa kanambala n'kuikapo dzina ndi reji. Anandionetsa zikuchitika, akumwetulira koyamba m'miyezi yambiri, nati makina alibe apongozi, angatchule aliyense. Zitamveka, makalaliki ena awiri anabwera mwakachetechete kudzapempha timanambala tawo. Mmodzi anaulula kuti iye ankangolemba dzina la mkazi wake pa katundu wa apongozi, ndipo mizere yake inkadutsa yoyera.

Kuyambira pamenepo a Daka akabwera ku tauni sankalephera kugogoda pa chitseko chija. Sankakhalitsa. Ankasiya kathumba ka mbatata kapena nkhuku yomanga miyendo, aNambewe n'kuwakalipira kuti ofesi si khola, kenako n'kuwafunsa za okalamba aja mmodzimmodzi, powatchula ndi manambala awo.

Imfa yawo inatidzidzimutsa tonse. Sanadwale. Lachisanu anandikalipira chifukwa cha inki ya pulinta, Lamlungu anapita ku Misa yoyamba, pobwera anakhala pa khonde navula nsapato, ndipo mdzukulu wawo pobwera ndi tiyi anapeza atapita. Ndinali ndisanazolowere n'komwe kuti kulibe pamene ndinamva dzina lawo likugwiritsidwa ntchito kumenya munthu yemwe anamugwadira.

Sabata yotsatira maliro ndinapita ku ofesi ndi mapepala anga. A Zulu anawerenga maminitsi, nawerenga makalata onse awiri, ine ndikuwafotokozera za nkhokwe ija. Anavula kapu n'kuiika pa tebulo.

"Mayo ine. A Tembo, ine ndinangomva kwa akuluakulu. Aliyense amakamba choncho."

"Ndiye mukanene kwa aliyense kuti si choncho. Munalankhula pa chinkuzamawu, mukabwezenso pa chinkuzamawu. Lamlungu likubwerali mupite ku tchalitchi kwawo."

"Mawu a pamaliro kuwabweza n'kovuta, bambo. Abale a malemu angaone ngati tikunyoza mwambo wawo. Komanso bungwe lingaoneke bwanji?" Anasisita kapu ija. "Tiika pa ajenda ya msonkhano wapachaka."

Ndinawayang'ana osakhulupirira makutu anga. Ndinawafunsa ngati alankhula ndi a Daka. Anati a Daka anabwera dzulo lake iwo kulibe, ndipo zimene anabweretsa aziika m'chipinda cha malemu, poti kwina kulibe malo.

Chitseko ndinachipeza chotsegula, atachitsekereza ndi njerwa. Mpando anautengera kale ku chipinda cholandirira alendo. Kompyuta ili pomwe inali, koma waya wake wazulidwa kuti wina atchajirepo foni, ndipo akuti ngakhale ataiyatsa palibe amene akudziwa mawu olowera. Mafayilo a ku madepoti akadzayamba kufika, palibe amene adzawatsegule. Kukhoma kwatsala msomali umene ankapachikapo ambulera, ndi kalendala ya parishi imene palibe waitembenuza. Pakona aunjikapo mitolo ya matumba atsopano, odikira nyengo yogula imene yatsala pang'ono kuyamba.

Pansi, patsogolo pa tebulo, pali sikelo ya ku Kasenengwa. A Daka anaipukuta, naikulunga m'thumba, naimanga bwinobwino ndi chingwe cha khonje kuti isalowe fumbi. Pamwamba pake anaikapo foni ya bungwe ndi kiyi wa depoti. Ndinafufuza pansi pa thumba, pa tebulo, ngakhale kuseri kwa chitseko, kuti mwina asiya kalata yoti ndiisunge. Sanasiye.